Gawo la Mbalame m'Munda wa Mapichesi

Anthu ankawatchula a Makwerero. Dzinali linabwera lokha, chifukwa kwa zaka zoposa makumi atatu palibe anawaonapo m'munda opanda makwerero paphewa. Anali makwerero athabwa, a miyendo itatu, okhoma okha. Poponda pachitatu ndi pamene panatha kwambiri, pakuti ndi pomwe ankaima akamaganiza.

Mundawo unali wa mapichesi, mitengo zana limodzi ndi makumi anayi, ndi mizere iwiri ya mapulamu kumunsi, kufupi ndi ngalande. Mitengo yonseyo anabzala ndi manja awo, koma nthaka sinali yawo. Inali ya akazi awo, amene aliyense ankangowatchula kuti Mayi, pamodzi ndi mlongo wawo wa Mayiwo. Mlongoyo anagwira ntchito yoyendetsa malole mpaka kupuma, ndipo dzina loti a Dalaivala linawakanirira. Anali munthu wamimba yake ndi pakamwa pake. Ndiwo ankanyamula zipatso pa kagalimoto kawo kupita nazo kumsika wa m'tauni.

A Dalaivala akafika m'mawa ankayamba kukuwa ali pageti.

"Alamu! Tsikani kumwambako, Mulungu sanakuitaneni!"

"Mwadzuka, alamu," a Makwerero ankayankha choncho, n'kupitiriza ntchito. Mawu awo a tsiku lathunthu akanakwana kulembedwa pachikhatho.

Ntchito yawo ndiyo inkalankhula. Pichesi sankalithyola ndi zala. Ankaligwira ndi chikhatho chonse, n'kulipotoza pang'ono mpaka livomere lokha. Aganyu akabwera nyengo yokolola, asanawapatse ndowa ankayamba aona zikhadabo zawo, ndipo wa zikhadabo zazitali ankapatsidwa lezala. Pansi pa mitengo panali posesa kuposa pabwalo pa nyumba zambiri. Chipatso chikagwa, dzuwa lisanakwere chinali chitakwiriridwa kale m'dzenje.

Panali kachizolowezi kamodzi kamene anayamba mitengo itangoyamba kubereka. Pokolola, pamtengo uliwonse ankasiya mapichesi atatu a kunsonga kwenikweni. Ankati ndi gawo la mbalame. Sikunali kukoma mtima kokha ayi. Anali atapenyetsetsa kuti mbalame ikapeza lakupsa pamwamba, siivutika kukajompha a mitengo ina yochedwa kupsa. Ndipo zinkathekadi. Mbalame zinkadya mpaka kusiya nthanga yokha, nthangayo n'kugwa.

"Ana anga akula osalawa pichesi la kunsonga," ankatero Mayi, "koma apumbwa akunenepa nawo."

Matenda anafika mwakachetechete. Chaka choyamba a Makwerero anaona maluwa ena atafota, atasanduka ofiirira ngati masamba a tiyi, koma osayoyoka. Ankangokakamira pa kanthambi, ndipo pamene akakamirapo pankatuluka utomoni. Anaganiza kuti mwina ndi chisanu. Mapichesi atayamba kupsa, pa lina ndi lina pankaoneka kadontho kofewa, kabulauni, kochepa ngati chikhadabo cha khanda. Mawa lake kadonthoko kanali katadya theka la chipatso. Mkuja chipatso chonse chinali chitavala chuku chotuwa ngati phulusa, chomera m'timizere tozungulira. Mapichesi awiri akagundana panthambi, onse ankapita. Chopweteka kwambiri chinali chakuti lina linkathyoledwa lili bwinobwino, losalala, lonunkhira, n'kukawolera m'kileti panjira.

Anagula mankhwala napopera. Anakulitsa dzenje. Chaka chachiwiri matendawo anakula, ndipo chachitatu anafika posauzana.

Tsiku lina a Dalaivala anabwerako kumsika dzuwa lisanafike pamutu, nthawi imene sankabwerera. Anaimika galimoto pakhomo pa shedi, nayamba kutsitsa makileti odzaza monga momwe anapitira.

"Alamu, bwerani mudzalandire katundu wanu. Amayi a kumsika akuti ngati tayamba kugulitsa manyowa, tizinena kuti ndi manyowa."

A Makwerero anatsika pamakwerero, natola pichesi limodzi m'kileti, nalitembenuza. Chala chinalowa.

"Dzulo linali labwino," anatero.

"Nanenso dzulo ndinali mnyamata. Achemwali, bwerani mumve kuno!"

Mayi anali akutsuka ndowa pampopi. Anapukuta manja nabwera.

"Ine ndalankhula kale ndi wa thirakitala," anatero a Dalaivala. "Mitengo iyi izulidwe, tibzale kabichi. Kabichi sachititsa munthu manyazi kumsika."

Mayi anayang'ana amuna awo. A Makwerero anali akuyang'anabe pichesi lija. Nthaka sinali yawo kuti akane. Mtengo wa pichesi umatenga zaka kuti ubereke zenizeni, ndipo iwo ankadziwa kuti mundawu ukazulidwa sadzakhalanso ndi msana wobzala wina.

"Chaka chimodzi," anatero Mayi. "Chaka chamawa galimoto ikadzabwerera chonchi, ine ndemwe ndidzatsegulira thirakitala geti."

"Ndiye kuti mwasankha amuna anu, kusiya ine woyamwa nanu bere limodzi?"

"Inu simundifunditsa bulangete kukazizira, achimwene."

Nkhani inathera pamenepo, koma lonjezo linakhala.

Nyengo yozizira itafika, masamba onse anayoyoka, mitengo inangotsala nthambi. Ndi pamene kunabwera mlangizi wa zaulimi. Anamuitana ndi Mayi, podziwa kuti amuna awo angalolere kufa ndi ludzu kusiyana n'kupempha madzi. Anali mtsikana wochepa thupi, wa njinga yamoto, wovala majombo aakulu kuposa mapazi ake. A Makwerero anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumajombowo.

Anayenda naye mzere ndi mzere. Mtsikanayo ankafunsa, iwo ankayankha mawu amodzi kapena awiri. Zowola mumataya kuti? M'dzenje. Lakuya bwanji? Kufika m'chiuno. Makileti mumatsuka? Tsiku lililonse. Mankhwala mumapopera liti? Zipatso zikayamba kufiira.

"Agogo," anatero mlangizi, "minda ndayenda yambiri, koma waukhondo ngati uno sindinauonepo."

Kenako anakweza maso.

"Nanga zakuda zili kunsonga zija n'chiyani?"

"Gawo la mbalame."

"Mbalamezo zinadya?"

 A Makwerero anali munthu wosanama, ngakhale kwa iwo eni.

"Zaka zino sizikudya," anatero.

"Tandibwerekani makwerero."

Palibe munthu wina anali atakwerapo makwererowo. Anawaimika, nawagwirira, mtsikanayo nakwera mpaka pomaliza. Anatsika ndi kanthambi kouma. Pa kanthambipo panali mapichesi atatu akuda, okwinyika ngati chikopa choiwalidwa padzuwa, olimba gwa, omatirira ngati anachita kukhomedwa.

"Ife timati mitembo," anatero mlangizi. "Matenda akafika pa chipatso mbalame zisanafike, mbalame sizichikhudzanso. Chimauma, koma sichigwa. Chuku chija chimagona m'menemu nyengo yonse yozizira. Maluwa akamamasula, kukagwa kamvula kapena chifunga, chimadzuka n'kutulutsa fumbi. Mphepo ndi madontho a madzi zimalitsitsira pa maluwa onse ali m'munsi. Pamene inu mukuyamba kupopera, matenda amakhala atalowa kalekale. Pansi mwasesa bwino, agogo, koma nyumba ikudontha padenga."

"Chouma n'chakufa," anatero a Makwerero.

"Nyemba zambewu nazonso zimakhala zouma."



"Musakhulupirire pakamwa panga," anatero mtsikanayo. "Ikani limodzi m'chitini pa kansalu konyowa, muvundikire, musiye pamthunzi. Pakatha masiku anayi mudzaone nokha. Koma musachedwe kuganiza. Maluwa atsala milungu iwiri kuti amasule."

Analemba mayina a mankhwala awiri pa kapepala, nawauza kuti azisinthanitsa, nakwera njinga yake.

A Makwerero anachita monga anauzidwa. Chitinicho anachibisa m'shedi, kuseri kwa mpope wopopera mankhwala, osauza munthu. M'mawa wa tsiku lachinayi anachivundukula. Mtembo uja unali utamera ubweya wotuwa, chuku chomwechija anakhala akuchiona pa zipatso zaka zitatu. Anachiuzira pang'ono, ndipo kafumbi kanauluka m'kuwala kolowera pazenera.

Anaima pomwepo nthawi yaitali. Atatu pamtengo uliwonse, mitengo yonse, chaka ndi chaka, osiyidwa ndi dzanja lawo pamalo abwino kwambiri owazira matenda. Anakumbukira anthu amene anawaweruza mumtima. Ankati wa sitolo amene ankawagulitsa mankhwala amawasungunula ndi madzi. Ankati alamu awo amathamangitsa galimoto m'maenje. Panalinso mayi wina waganyu amene anamuletsa kubweranso, pomuganizira kuti manja ake ndi olemera.

Mlangizi anali atalankhula ndi iwo okha. Akanatha kuchotsa mitemboyo mwakachetechete, ngati kudulira kwa chaka chilichonse, ndipo palibe akanadziwa. Anavundikira chitini, nachinyamula ndi manja awiri mpaka pakhonde, pamene Mayi ndi a Dalaivala ankamwa tiyi. Anachiika pakati pa makapu.

"Ndiwo zachilendo zimenezi, alamu?"

"Matenda aja amene amawasunga ndine," anatero a Makwerero.

Anafotokoza zonse, ndipo limenelo ndi tsiku limene Mayi anawamva akulankhula mawu ambiri kuposa tsiku limene anadzawafunsira. Sanadzichepetsere mlandu. Sanatchule kuti kale njirayo inkathandiza.

A Dalaivala anatsegula pakamwa kuti aseke, koma atayang'ana nkhope ya alamu awo anatsekanso. Anasuzumira m'chitini.

"Ndiye kuti wa sitolo uja ndinamutukwana pachabe?"

"Pachabe."

"Mpaka ndinamutchulira makolo."

"Mukamupepese. Nanenso ndili ndi wanga wokamupepesa."

A Makwerero anapitadi masana omwewo kwa mayi waganyu uja, chipewa m'manja. Pobwerera analunjika m'munda.

Ntchito yake inali iyi. Kukwera mtengo uliwonse mpaka kunsonga, kuchotsa mitembo n'kuiika m'thumba, osaigwetsa pansi. Kufufuza kanthambi kalikonse kokhala ndi chilonda cholowa m'kati kapena utomoni, n'kukadula m'munsi mwa chilondacho, pamene mtengo ukadali woyera. Kupukuta sizasi ndi sipiliti asanapite pamtengo wina. Ndipo popeza anali atakwera kale, anaganiza zotsitsa nsonga zonse, zimene kwa zaka zambiri sankafuna kuzikhudza, n'kutsegula pakati pa mtengo kuti mphepo izidutsa, masamba aziuma msanga mvula ikagwa.

Masiku anali atatsala khumi okha. Kuti athe, pankafunika mitengo khumi ndi inayi patsiku, osawerengera mapulamu. Bondo lawo lakumanja linali litayamba kale kukana, ndipo pofika tsiku lachitatu linatupa ngati dzungu. Mayi anasiya zapakhomo, nabwera kudzagwirira makwerero.

"Mukagwa, sindikunyamulani," anawauza.

"Ndamva."

"Ndikunena zoona. Ndingokukwirirani pomwepa, dzenje lilipo kale."

"Gwirani mwendo wakutsogolowo, mayi."

Pakutha pa tsiku lachinayi anali atamaliza mitengo makumi anayi yokha. Nthambi zodulidwa zinali mbwee m'mizere, popanda wozichotsa, ndipo timaso ta maluwa tinali titayamba kutupa. A Makwerero ankatiyang'ana m'mawa uliwonse monga munthu ayang'ana mitambo ali ndi denga losafolera.

Tsiku lachisanu kunamveka kulira kwa wilibala yopanda mafuta.

"Musaganize kuti ndabwera kudzathandiza," anatero a Dalaivala. "Ndabwera kudzaona mmene mugwere, kuti ndikafotokoze bwino pamaliro."

"Nthambi ziwotchedwe," anatero a Makwerero ali pamwamba. "Mitembo m'dzenje, dothi lochuluka pamwamba."

"Mwamva, achemwali? Munthu wapalamula ndi iyeyu, koma kapitawo ndi yemweyu."

Komabe anatuta. Anatuta mpaka malaya kumatirira pamimba. Tsiku lotsatira anabwera ndi ndodo yaitali yokhala ndi kangowe kawaya, yokolera mitembo ya m'nthambi zakunja, ndipo anadzitama nayo ngati apeka ndege. Mayi waganyu uja nayenso anabwera, osaitanidwa, ndipo zinadziwika kuti amakwera mtengo kuposa onse.

Pamzere wa kumtunda, pa mitengo yakale kwambiri, a Makwerero anapeza isanu ndi inayi imene zilonda zinali zitatsika mpaka ku nthambi zikuluzikulu. Anaizungulira umodzi umodzi, akukanda khungwa ndi mpeni. Imeneyi inali ya m'gulu limene anabzala chaka chimene mwana wawo woyamba anabadwa. Palibe anawauza chochita. Anapita kushedi, nabwerako ndi sowo. A Dalaivala atafuna kuwalandira, anapukusa mutu. Anaidula okha, yonse isanu ndi inayi, ndipo tsiku limenelo alamu awo sanaponye nthabwala ngakhale imodzi.

Anamaliza mapulamu a kungalande tsiku limene duwa loyamba linamasula.

Ulendo uno anapopera timaso ta maluwa titangoonetsa kufiira, napoperanso munda wonse utachita mbee, ndi mankhwala achiwiri aja. Kenako kunabwera kamvula kowaza, kamasiku atatu, kosalekeza, kamene chuku chimakonda. Kamvulako katatha, a Makwerero anayenda mzere uliwonse ndi sizasi m'thumba, maso m'mwamba. Maluwa ofiirira analipo, koma apa ndi apo, oti munthu n'kuwawerenga. Lililonse analidula ndi kanthambi kake.

Tizipatso titafika kukula ngati dzira la njiwa, anapatulira mopanda chisoni, kusiya mpata wa chikhatho pakati pa china ndi chinzake kuti pasakhale ziwiri zogundana. Zochotsedwazo sizinagwe pansi, zinalowa m'ndowa.

"Mukutaya theka la zokolola, alamu!"

"Inde."

"Basi? Inde?"

"Inde, alamu."

Anapopera komaliza zipatso zikuyamba kufiira, nadikira masiku onse olembedwa pabotolo asanalole munthu kuthyola. Kukolola kutayamba, chowola chinkapezekabe, chimodzi pamtengo uwu, palibe pa uwo. Mlangizi atadutsa anawauza kuti matendawa sasamuka, amangochepa, ndipo ntchito ya nyengo yozizira ija ndi ya chaka chilichonse. Anagwedeza mutu. Zimenezo sizinawaopse. Chimene sankadziwa ndi zimene zikachitike m'makileti panjira, pakuti chaka chatha nawonso mapichesi anachoka pakhomo akuoneka bwino.

Katundu woyamba, makileti makumi atatu, anagona m'shedi pozizira, ndipo a Dalaivala ananyamuka naye m'mamawa. A Makwerero anakwera makwerero awo monga mwa masiku onse. Manja ankathyola, koma khutu linali kumsewu. Galimoto iliyonse ikadutsa ankaima kaye. Mayi anasesa pakhonde katatu. Dzuwa linafika pamutu, galimoto osaoneka. Linapendeka, osaoneka.

Inatulukira mithunzi itatalika, ikuyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi chizolowezi cha mwini wake. A Dalaivala anatsika, nadziwongola msana, nayamba kutsitsa makileti. Anali opanda kanthu. Anawaunjika osalankhula, mpaka Mayi analephera kupirira.

"Achimwene, pakamwa mwasiya kumsika?"

"Asanu ndi awiri," anatero a Dalaivala.

"Makileti?"

"Mapichesi. Owola asanu ndi awiri pa katundu yense. Ndawerenga ndekha, ndimafuna chokunenerani. Amayi aja akuti mawa ndifike msanga, asalimbirane."

A Makwerero anatsitsa ndowa imene inali m'manja mwawo, naiika pansi bwinobwino. Anavula chipewa, napukuta pamphumi, navalanso.

"Nanga wa thirakitala?" anafunsa Mayi.

"Akalime kwawo," anatero a Dalaivala.

Kumbuyo kwa galimoto, pakona, kunatsala kanthu kofunditsidwa ndi chiguduli chonyowa. A Dalaivala anachivundukula. Munali mbande za mapichesi zomezanitsa, m'timatumba takuda. N'chifukwa chake galimoto inkayenda ngati yanyamula mazira.

"Pali munthu wina wosaganiza anadula mitengo isanu ndi inayi m'munda wa makolo anga," anatero. "Ndati ndibwezeretse."

A Makwerero anatola mbande imodzi, naona pomezanitsa, naitembenuza kuona mizu.

"Mwasankha bwino," anatero.

"Achemwali, lembani tsiku! Andiyamikira! Tsono maenje akumba ndani?"

"Amene wagula."

"Ine? Ndi msana uwu?"

Koma anali akupita kale kushedi kukatenga khasu, akung'ung'udza za anthu osayamika. A Makwerero anawatsatira akutsimphina, kuti akawaonetse pokumba, kutali pang'ono ndi zitsa zakale.